Mlongoti wa pa Lizulu

Woyamba tinagula ndi maso.
Unkanyezimira ngati supuni ya paukwati,
wogulitsa akulumbira pali mayi ake
kuti mawu athu akafika mpaka ku Tete.
Unangofika mwezi wa Juni.
Mwera utawomba usiku umodzi
tinaupeza m'mawa utawerama padenga
ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Pano pa Lizulu foni ili ndi mitima iwiri:
ukawoloka msewu kukagula anyezi
yayamba kale kulankhula Chipwitikizi
n'kumadya mayunitsi ako.
Ku Tsangano, kumene malole athu amakatenga kachewere,
m'zigwa imangoti duu.
N'chifukwa chake wailesi ya ova-ova ili patebulo langa,
pakati pa sikelo ndi buku la ngongole.
Koma wailesi yopanda mlongoti
ndi munthu wokuwa ali m'chitsime.

Komiti inakhala pansi.
Anangozo anawerenga ndalama kawiri,
kachitatu ananyowetsa chala.
Wa pachithunzi uja, wa nthambi ngati nyanga za ngoma,
mtengo wake matumba makumi anayi.
Tinaseka.
Kenako tinasiya kuseka.

Ndinakwera minibasi ya ku Chongoni
kukaona a Kadzakumanja, amene zaka makumi awiri
ankalondera moto m'nkhalango ya paini, wailesi ili m'manja.
Sanandipatse mpando. Anandipatsa chitsulo chadzimbiri.
"Gwira apa. Mlongoti sufera kumutu,
umafera m'mfundo, mobisala madzi.
Usafunse kuti umafika kuti,
funsa kuti waona mvula zingati.
Wanthambi zambiri mphepo imaukonda,
ili ndi pogwira.
Tenga woongoka ngati nsungwi,
wokutidwa ndi faibala, mamita asanu ndi theka,
womva mbali zonse osautembenuza.
Ndalama yotsala musamwere fanta pakomiti.
Gula waya wonenepa, wosalumikizalumikiza,
ndi ndodo ya kopa yokhomera pansi,
kuti mphenzi ikabwera ipeze njira yake,
isadzere patebulo pako."

Tinaupeza ku Dedza,
kuseri kwa shedi ya macheka imene inatsekedwa,
utagona m'udzu, utoto utasuluka.
Mkazi wamasiye wa mwini macheka anati matumba khumi ndi awiri.
Ine ndinagwada, kufufuza mfundo iliyonse
ngati wosankha miyala mu mpunga,
n'kunena asanu ndi atatu.
Tinakumana pa khumi, ndi mabawuti ake omwe.
Potsanzikana anausisita kamodzi, osanena kanthu.

Loweruka anyamata onyamula matumba anauimika
pa paipi ya mjigo wakale,
mawaya atatu akuukoka ngati ng'ombe yokana dibi.
A Kadzakumanja anabwera ndi kamita m'jumbo ya shuga.
"Singano ikagona, mawu akutuluka.
Ikadzuka, akubwerera kudzawotcha wailesi."
Anafupikitsa nsonga pang'ono, chala chimodzi,
anatsika, anayang'ana, anakweranso,
mawondo akulira pa makwerero.
Singano inagona.
Mfundo zonse anazikulunga ndi tepi
ngati bala la mwana wawo.

Lero ndi Febuluwale.
Mvula yagwa masiku anayi, msika wasanduka phala,
magetsi anathima dzulo, ndikudalira batire ya lole yakufa.
Naini koloko wailesi ikuyamba kukazinga chimanga,
ndipo pakati pa kuthetheka:
"Lizulu, Lizulu, ndine Zondiwe.
Ndatitimira kutsidya kwa mlatho.
Matumba ali bwino.
Muwauze akunyumba atseke chitseko, asandidikire. Ova."

"Ndakumva, Zondiwe. Gona m'lole. Ova."

Kunja mlongoti ukupendama,
ukubwerera,
ukupendamanso.
Sunyezimira n'komwe.

Ndikutsegula buku, ndikulemba pansi pa ngongole ya feteleza:
thirakitala, mawa faifi koloko.
Ndikutenga ambulera yothyoka nthiti ziwiri
kupita kukagogoda kwa Anaphiri.