Puloti 212, Kumtunda

Nyumba yanga yoyamba inapita ndi Ruo
usiku, mbuzi zikulira padenga.
Yachiwiri ndinaimanga m'foni.

Musaseke. Tinalipo ambiri pamsasa wa Bangula,
titaunjikana pa sola ya Tchapo
ngati nkhuku pa madeya,
chala pagalasi, kusenza njerwa zosalemera.
Dzikolo ankalitcha Kumtunda.
Kulibe ng'ona, kulibe udzudzu,
ndipo mtsinje wake umadziwa pothera.

Puloti inali mazana asanu pamwezi,
maulendo awiri a kabaza dzuwa lili paliwombo.
Ndinaika khonde. Ndinadzala mgwalangwa pakhomo.
Fulaviya anatsegula saluni moyang'anana nane,
ndipo mkulu Zuze, amene maso ayamba nkhungu,
anamanga khola, nagula ng'ombe zisanu ndi ziwiri,
nazitcha mayina a zija zinamira ku Makhanga.
Madzulo aliwonse ankaziwerenga.
Zinkakwana.

Lachiwiri m'mawa, uthenga:
"Nzika zokondedwa, pofuna kukutumikirani bwino..."
Ife a kuchigwa mawu otere timawadziwa.
Wogula thonje amayamba choncho
dzanja lake lili pa sikelo.
Puloti, zikwi zitatu.
Khola, kulipira padera.
Ngakhale mthunzi wa mtengo wanga unapatsidwa mtengo.
Wolephera, pofika Lachisanu lachiwiri,
nyumba yake idzafufutidwa.

Kufufutidwa!
Madzi amasiyako maziko,
amasiya mphika m'matope, supuni, chitseko pa bango,
umaloza n'kunena kuti panali pano.
Awa sasiya ndi poloza pomwe.

Tinapangana tikudya masawu.
Zithunzithunzi zathu tinazivula zovala zogula,
tinatsala ndi malaya otuwa aja
amene munthu amabadwa nawo kumeneko,
n'kukakhala pansi pachipata cha eni dziko.
Tinakwana mazana anayi.
Odula nzimbe a ku Nchalo analowa ataweruka,
mwaye udakali m'zikhadabo,
a ku Ngabu anabwera ndi zikwangwani,
wina wa kutsidya ankatukwana m'Chisena chokoma
mpaka tonse tinaiwala mkwiyo, kuseka.

Kunalibe apolisi. Kunalibe utsi wokhetsa misozi.
Anangotithimitsira mawu.
Milomo mazana anayi ikuyenda
ngati milamba m'thamanda lakuphwa.
Tchapo anamutsekera kunja sabata yathunthu
chifukwa cholemba pakhoma liwu limodzi: akuba.

Amene tinkamukwiyira sitinamuonepo.
Kaya amakhala kozizira kuti,
kaya anamvapo kuti Novembala wa kuno
amaphika dzira pachishalo cha njinga.
Ndipo pokhala pachipata pakepo
tinkalipira ndife.
Bandulo ikatha, munthu ankangozimirira pamzere,
Fulaviya dzanja lili m'mwamba, zii,
wotsatira, zii,
ngati nyali za asodzi m'bandakucha.

Patapita masiku anayi anayankha.
"Tamva kulira kwanu."
Zikwi ziwiri ndi theka,
ndi chipewa chaulere kwa nzika iliyonse.
Ena anavala. Sindiwanena.
Ine changa ndinachiponya mumtsinje wofatsa uja,
chinabwerera chokha m'thumba.

Lero ndi Lachinayi.
Ndapalasa kuyambira kusanache,
m'thumba muli chikwi chimodzi ndi mazana awiri,
ndipo kunyumba kwenikweni, kwa lona kuja,
mapira atsala a mawa lokha.
Mwana wanga Ndaziona wandifunsa
ngati mgwalangwa tingauzule n'kupita nawo.
Ndamuuza kuti mizu yake ndi yaitali.

Zuze sanapite kwawo.
Wakhala pa benchi ya Tchapo, foni pafupi ndi mphuno,
wandipempha ndimujambulire khola lonse
kuti likhale penapake pamene sadzalipeza.
Kumapiri a Thyolo kukung'anima.
Mphepo yabwera ndi fungo lija.
Batire yatsala pang'ono,
koma mkuluyo sakufulumira,
akuziitana imodzi imodzi:
Bwemba. Nyamphembe. Kachaso.
Mwanaalirenji, bwera kuno iwe.