Pa Kauntala ya Chinayi

Wailesi ya m'basi yati m'mawa uno
anthu agula zambiri mwezi watha,
ndiye kuti chuma chayamba kutsitsimuka.
Wolengezayo amayankhula mosalala
ngati dokotala wogwira mkono wa wodwala ali chiimire.
Ine ndatsikira pafupi ndi msika wa ku Wigan,
ambulera yanga yothyoka nthiti ziwiri,
n'kudutsa sitolo ya nsapato yokhomedwa matabwa
ndi ya mipando ija, momwe tsopano mukugona nkhunda.

Chuma chimenecho ndimachigwira ndi manja angawa
maola asanu ndi atatu.
Chimabwera chokwawa pa lamba wakuda,
makina n'kumalira tii, tii,
kulira kumodzimodzi pa vinyo wodula
ndi pa buledi wogona.

Bambo Entwistle safulumira.
Amakhuthula makobidi m'kachikwama ka malemu akazi awo
n'kumawasuntha ndi chala limodzilimodzi.
Chaka chatha Lachisanu linali la nyama ya nkhosa.
Kenaka nkhuku. Kenaka mapiko okha.
Lero zitini ziwiri za nyemba ndi tiyi wopanda dzina,
koma moni wawo sunachepe,
amandifunsabe ngati ndazolowera kuzizira.

Kayleigh, wa ana atatu uja,
amayala katundu wake motsata kufunika:
matewera patsogolo, mkaka, mbatata, mafuta,
kumapeto kwenikweni shampu yake.
Mukafika mapaundi makumi atatu mundiuze, amanong'ona.
Ndimamuuza.
Shampu imatsikira m'dengu la kunsi kwa kauntala
momwe muli kale tchizi cha wina,
mabatire, khadi la tsiku lobadwa,
ndi kagalimoto kofiira komwe mwana anakalirira mpaka pakhomo.
Dengu limenelo salifunsa a wailesi.
Ndimaliwerenga ndekha, ndi bondo.

Batala masiku ano amamuveka loko ngati njinga.

Ikamakwana seveni Imran amatuluka ndi timapepala tachikasu
totsitsa mtengo wa zomwe zatsala pang'ono kuwonongeka.
Anthu amamutsata chapatali,
aliyense akunamizira kuwerenga paketi ya mpunga:
namwino ali ndi baji pachifuwa,
mnyamata wa tayi,
gogo wa chipewa cha kutchalitchi.
Palibe woyang'ana mnzake m'maso.
Njala ya kuno imavala jekete labwino
ndipo imati pepani ikakuponda.

Mayi Openshaw, abwana athu, abwera ndi pepala akumwetulira.
Tapitirira sabata yatha, atero, mwagwira ntchito.
Sakunama ayi.
Ndalama m'dirowa zachulukadi.
Koma ine ndi amene ndimapereka matumba,
ndipo kale banja limatenga anayi,
lero awiri, ena amodzi,
ena amangokumbatira zogulazo pachifuwa
ngati mwana wodwala.
Kodi chakwera ndi chiyani, mtengo kapena moyo?
Funsolo ndinalimeza, shifiti ya Loweruka ndikuyifuna.

Potseka ndavula yunifolomu,
n'kuima pa mzere ngati wina aliyense
ndi nsomba ya pepala lachikasu ndi anyezi atatu.
Foni yanjenjemera m'thumba, mlongo wanga ku Chilomoni:
tamva kuti kwanuko zinthu zayamba kuyenda,
musatiiwale pa fizi.
Ndayankha kuti chabwino.

Kenaka, sindikudziwa chinandigwira n'chiyani,
ndabwerera kudengu kuja,
ndatenga shampu ija, ndalipira.
Ili m'lokala mwanga, ikudikira Lachiwiri,
ndipo sindinapezebe mawu oti ndidzamupatsire
osamuchotsa ulemu pamaso pa ana ake.

Mwezi wamawa akadzalengezanso kuti malonda akwera,
mudzamvetsere bwino.
Mkati mwa nambalayo muli mapaundi awiri anga
ndi makobidi makumi asanu,
pamodzi ndi nyemba za bambo Entwistle.