Nthanga m'Ndowe

Faifi koloko m'mawa. Lifupa akadafunda nkhungu,
mvuu zikubwerera m'damu mimba zili tswii,
ine ndikupukuta mame pa mipando ya galimoto
ndi malaya akale a yunifolomu.
Kamphinda waliza injini. Yatsokomola kawiri, yavomera.

Alendo lero ndi anayi:
mayi wa chipewa chachikulu ngati lichero,
mwamuna wake, kamera kutalika ngati musi,
ndi anyamata awiri a ku Lilongwe
amene afunsa kale katatu ngati kuno netiweki imagwira.

Imagwira.
Inagwira usiku, tambala asanalire,
mlongo wanga Lezina ali pa foni kwa Chulu:
"Achimwene, zalowa.
Taomba zitini mpaka manja kutupa,
tafukiza tsabola, tayatsa matayala,
zangotiyang'ana basi."
Kenako mayunitsi anamuthera.

Ndiye pano ndikuloza ndi chala.
Izo nswala, zawoloka msewu ngati wina wachita kuziponya.
Iyo njiri, mchira uli njo,
liwiro la munthu amene waona mwini ngongole.
Pansi pa msuku mphalapala yakuda bii
sikuthawa, ikungotiyang'ana
monga anthu olowa pakhomo osaodira.
Kashembe waluma mayi uja pakhosi,
wadziwomba khofi yekha, tonse taseka.

"Nanga njovu?"
Dikirani, ndatero, njovu sapangana nayo nthawi.

Tisanafike ku Lingadzi ndamuimitsa Kamphinda.
Ndowe pakati pa msewu, zikadafuka nthunzi.
Ndatsika, ndathyola kamtengo
monga anatiphunzitsira ku kosi:
fukula, onetsa, fotokoza.
Makungwa a mombo. Udzu wosagayika.
Kenako chitsononkho chotafunidwa theka.
Kenako nthanga, zoyera, zosasweka ndi imodzi yomwe,
ngati za maungu a khosi lalitali aja
amene Lezina anakapempha mbewu yake ku Mkanda
chaka chimene tinaika mwamuna wake m'manda.

Maungu amafanana, ndadziuza.
Minda ya m'mbali mwa waya ndi yambiri.

"Kodi zimadya chiyani?"
"Zosiyanasiyana, madamu."

Tazipeza kudambo, dzuwa likungoyamba kuluma.
Zisanu ndi ziwiri,
kuphatikiza kamwana kosadziwa ntchito ya chitamba,
kangochiponda, kakudabwa kuti wakapweteka ndani.
Make ndamudziwa asanatembenuke:
khutu lamanzere long'ambika,
chipsera chozungulira mwendo ngati chibangili.
Waya umenewo tinadula ndife, dzinja lachitatu lapitalo,
dokotala akubaya, ine ndikuthira madzi pa khutu lomwelo,
ndikunong'ona ngati wodwazika matenda:
dzuka, iwe, usatichititse manyazi, dzuka.

Anadzuka.
Ndipo usiku wathawu ayenera kuti anayenda bwino ndithu.

Ndafunafuna mkwiyo m'chifuwa,
ndinaubweretsa ndithu, unali pompa.
Koma iye wakankha kamwana kaja ndi chitamba, pang'onopang'ono,
momwe Lezina amakankhira Mwatitha
akamanyinyirika pa njira ya kusukulu,
ndipo mkwiyo wanga wasowa pokhala.

Makamera ali tche, tche, tche.
Anyamata aja aiwala mafoni m'matumba.
Mayi uja akupukuta misozi ndi mlomo wa chipewa:
"Muli ndi mwayi, bambo, kudzuka mukuona izi tsiku lililonse."
"Eya," ndatero,
ndipo sindinaname, ndicho chikundiwawa.

Pa geti andifumbatitsa ndalama zopindapinda.
Ndakawerengera kuseri kwa ofesi, pafupi ndi thanki:
ndowa ziwiri za chimanga,
yachitatu ikuperewera.
M'thumba lina muli nthanga zisanu ndi imodzi
zimene ndinatola alendo akujambula mapazi,
ndazitsuka pa mpopi, ndazikulunga m'pepala la lipoti.
Kamphinda akuti zodutsa m'mimba mwa njovu sizikana kumera.
Iye amanena zambiri.

Loweruka ndikwera kabaza kupita kwa Chulu.
Ndikampeza akudzutsa mapesi amene angadzuke.
Ndikampatsa zonse,
za thumba ili ndi za thumba ilo,
koma mpaka pano sindikudziwa
kuti ndikayambe kupisa dzanja kuti.