Kachikumbu ka Miyendo Isanu ndi Itatu

Bambo Kamzimbi anaibweretsa itakulungidwa m'kampango,
ngati nkhunda yothyoka phiko.
Anakwera masitepe a Gulf Complex akupumira m'mwamba
n'kuiika patebulo langa, pakati pa mafoni osweka nkhope.
"Magetsi anabwera usiku, mwananga,
ngati mlendo woledzera, osaodira."

Mphuno ndiyo imayamba ntchito.
Ndinanunkhiza: utsi wadzana, fungo la mphira wopserera.
Timasikulu tinayi,
bolodi lobiriwira n'kugona chagada,
misewu yake yamkuwa yopyapyala kuposa tsitsi,
Harare wamng'ono m'dzanja langa,
wopanda makombi, wopanda oitanira.

Nsonga ziwiri za mita, yofiira ndi yakuda.
Pa dayodi ya mavolti khumi ndi awiri: tswiii!
Mlonda ameneyu wafera pachipata,
anameza mphezi kuti ena apone.
Ndikanakonda nkhani ithere pomwepo,
kuchotsa mtembo, kulandira madola asanu, kukadya.
Koma galasi likuulula china:
tchipi choyendetsa mota chatuluka thuza,
kabowo pamsana ngati podya nankafumbwe.
Moto unamudumpha mlonda.

Kawirikawiri sindifunsa, koma ndinafunsa.
"Muli chiyani umu?"

"Maina.
Kaundula wa bungwe lathu la maliro ku Mufakose.
Wolipira, wangongole, wotsogola,
ndi kwawo kwa aliyense:
Ntcheu, Dedza, Katete, Angonia.
Makope akale chiswe chinatafuna,
zotsala tinalowetsa umu.
Ana athu amayankha m'Chishona tsopano,
ukawafunsa kwawo amaloza sitolo ya pakona."

Sindinaitsegule pamimba.
Fumbi la mumsewu wa Chinhoyi likalowa mmenemo
ndiye kuti taika maliro kawiri.
Ndinawauza zoona: mbale zamkati mwina zili moyo,
chapsa ndi pakamwa pokha.
Koma bolodi lobwereka palokha silithandiza,
lifanane nambala, lifanane chaka.
Diraivi iliyonse ili ndi kalankhulidwe kake,
kamene inaphunzira tsiku lobadwa,
ndipo kamagona m'kachikumbu kakuda,
ka miyendo isanu ndi itatu, apa pakona.
Kameneka kakapsa, ndibweza ndalama zanu.

Munashe anathera Lachitatu lonse ku Siyaso
akufukula milu ya makompyuta akufa.
Anabwera ndi mabolodi atatu, manja bii.
Awiri achibale chabe. Lachitatu mapasa enieni.

Mpweya wamoto, kambano, mpweya wanga n'taugwira.
Kachikumbu kananyamuka ngati nkhupakupa yokhuta,
ndinakasamutsa mtunda wa chala chimodzi,
ulendo waufupi kuposa wa Nyamapanda,
koma dzanja linanjenjemera ngati pachipata cha malire.
Mwendo uliwonse pa dontho lake la mtovu.
Kadontho ka pamutu kayang'ane kumene kankayang'ana kwawo.

Kenako kudikira ZESA.
Maola anayi, ine ndi bambo Kamzimbi ndi chimanga chootcha chimodzi.

Atabwera magetsi ndinadutsitsa pa chotchinjiriza,
khutu n'kuligunditsa pachitsulo.
Ndinkaopa go, go, go wa mutu wosokera.
Kunamveka kung'ung'udza, kukwera, kukwera,
kenako kukanda pang'ono,
ngati nkhuku yopeza pake.

Choyamba kukopera zonse, osatsegula kanthu.
Wodwala akadzuka sumutuma kumunda.

Sindiwerenga za makasitomala, ndi lamulo langa.
Koma iwo anati tsegula tione, magalasi ndaiwala,
ndipo diso linatsetsereka lokha mpaka mzere wa 212:
Waisoni Chagunda, wophika ku Avondale,
mudzi Kamenyagwaza, Bembeke.
Dzina la kumapeto kwa chitupa changa.
Mudzi umene bambo anga ankangoti "uko."
Pambali pake, ndi zilembo zofiira:
ngongole, miyezi itatu.

Bambo Kamzimbi akuwerenga madola awo ofewa ndi thukuta.
Ndinati chotsanipo ya miyezi itatu.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
n'kupempha cholembera.