Sikelo ya Bambo ku Plovdiv

Pakati pa mzinda, pomwe lero pali magalasi ndi makapu a khofi,
bambo anga ankakhala ndi sikelo yawo.
Kakhobidi kamodzi, ukwere, akuuze kulemera kwako.
Azimayi ankayamba avula zikhotho,
ena ndi nsapato zomwe,
ndipo bambo, pofuna mtendere,
ankabisako kilo imodzi m'thumba mwawo.

Kuseri kwa kasupe a Lyuben ndi a Stoimen
ankakangana pa tchesi mpaka mdima,
makoko a mpendadzuwa ali mbwee pansi pa benchi.
Ine ndinkathamangitsa nkhunda.
Chipale chofewa chikagwa, paki yonse inkangoti zii,
kumangomveka chifuwa cha bambo
ndi sikelo ikulira kwii pansi pa munthu wonenepa.

Ndinabwererako dzulo, imvi zili mbuu.
Kasupe alipo, koma akuvina ndi magetsi amitundumitundu
ngati wolembedwa ganyu.
Mtengo umene tinkausapo anaudula;
pachitsa pake anakhomapo chikwangwani chotamanda mtengowo.
Mabenchi atsopano anawaika zitsulo pakati
kuti wotopa asagonepo.

Mnyamata wonyamula thireyi anandifunsa ngati ndikudikira munthu.
Ndinati eya.
Ndinaima pasimenti pomwe pankakhala sikelo,
mapazi pamodzi, chikwama pansi, mpweya nditaugwira,
monga ankandiuzira: Nevena, usagwedezeke.

Palibe anandiuza kuti zaka zonsezi zikulemera bwanji.
Nkhunda imodzi yokha, yotsimphina,
inandizungulira kawiri
n'kupita kumene kunali nyenyeswa.