Mtengo wa Tsabola

Mayi Nachisale anditumira mwana wawo:
abwere Twaibu adzaione galimoto ija,
wina waimba foni kuchokera ku Lilongwe, akufunsa mtengo.

Ndafika ku Kaphatenga ndi sipanala m'thumba
ngati kuti mtengo amachita kumasula.
Tavundukula lona kuseri kwa nyumba,
nkhuku yatulukamo ikutitukwana,
yasiya mazira anayi pampando wa dalaivala.

Nayu Tsabola.
Mipando iwiri basi, denga alibe,
wamfupi ngati akugwadira msewu.
Malemu Kadammanja anamugula kwa mzungu wa kufakitale ya thonje
chaka chimene ine ndinkaphunzira
kusiyanitsa sipanala ya teni ndi ya thwelofu.

Wa ku Lilongweyo akuti ali ndi buku la mitengo.
Akuti ikakhala mmene inabadwira ku Mangalande
ndi mamiliyoni oti sungawerenge chiimirire,
koma paliponse pamene munthu anaikapo dzanja, achotsera.

Chabwino, tiyeni tichotsere.
Injini yake yeniyeni inafera m'zitunda za ku Mvera.
Ndinaikamo ya Datsun,
masiku khumi ndi limodzi ndili chagada pansi pake,
chala ichi chinapindikira pomwepo.
Chotserani.
Ankakwirira mimba mumchenga wa ku Lifuwu,
ndinamukweza zala zinayi. Chotserani.
Chikopa cha mipando chinadyedwa ndi dzuwa la Okutobala,
chinachi anasoka ndi Mdoka, telala wa pakhonde la sitolo,
ndi ulusi wosokera matumba a mpunga.
Hutala ndi ya minibasi.
Galasi lakumanzere ndi la njinga yamoto.
Utoto wofiirawu, ndisaname,
unatsala popenta zitseko za kusukulu.

Tikatha kuchotsera
cha ku Mangalande chotsala ndi chiwongolero,
kabaji kakutsogolo ka zilembo ziwiri,
ndi nambala yokhomedwa pachitsulo.
Ndiye kuti munthuyu akubwera kudzagula nambala.

Bukulo silidziwa kuti anzake a Tsabola,
osakhudzidwa aja, aulemu wawo aja,
anaola kalekale, mumagona mbuzi.
Uyu anayenda chifukwa tinamuipitsa.
Ananyamula Mayi Nachisale atavala velo,
mphepo n'kuwalanda veloyo pamlatho wa Linthipe.
Anathamangira kuchipatala pakati pa usiku
ndi kamwana kolumidwa ndi njoka,
kamwanako ndi aka kandiitana lero, kali ndi ndevu.
Pampando womwewo wa mkwatibwi
panakhalaponso matumba awiri a feteleza
ndipo Tsabola sanachite manyazi.
Zimenezi zili patsamba liti?

Ndathira petulo wa m'botolo,
batire ndabwereka kwa otchajitsa mafoni.
Watsokomola. Watsokomolanso.
Kachitatu wayankhula,
ndi mawu aja ndinamupatsa ine.
Mayi alowa m'nyumba osanena kanthu.

Potuluka, maso atapukuta:
nanga Twaibu, tinene zingati?
Ndikudziwa. Mdzukulu akufuna fizi Lolemba,
malata akudontha pamutu pa bedi,
ndipo galimoto yogona mu lona simadyedwa.

Ndanjuta pansi, ndalemba masamu ndi msomali,
ndafufuta ndi phazi, ndalembanso.
Ndakumbuka Kadammanja, chipewa atamangirira ndi chingwe kuchibwano,
akudutsa pamsika pang'onopang'ono dala
kuti ana amuthamangire.
Ndafufutanso.

Muwauze mamiliyoni asanu ndi anayi, Mayi.
Akayamba kulira, mutsike pang'ono,
koma pa asanu ndi awiri mukhalepo ngati mwala.
Akati injini si yake,
muwauze abwere adzaimve okha.
Mazirawa muchotse, sali pamtengo.

Tabwezeretsa lona, tatsindira ndi njerwa.
Ndabwerera wapansi, sipanala sinagwire ntchito.
Ndili m'njira ndakumbuka
kuti chala changa chopindikachi
sindinachiwerengere.