Moto Ulawe

Pa Santhe amandidziwa ndi utsi.
Fodya akangogulidwa ku Chinkhoma
njinga zimatsamira mpanda wanga mpaka kuupendeketsa,
ndipo ine Nasoko ndimalawirira kutcheza:
gaga wosasa, shuga wangongole,
paipi ikudontha m'botolo ngati mphuno yachimfine.

Dontho loyamba, mutu, n'la mwini.
Ndinkati kulawa si kumwa.
Kachivindikiro kamodzi tambala akulira,
kena posintha botolo,
kena kasitomala akati ndathira madzi.
Chaka chimenecho chitenje chinkandifupikira m'chiuno.
Miyezi ndinkaiwerenga pa zala,
tizivindikiro ayi.

Msana ukalasa ndinkapita kwa mnyamata wa pamsika,
woyala mapiritsi padzuwa pambali pa mankhwala a makoswe.
Ofiira, achikasu, ena amitu iwiri,
okulungidwa m'kapepala kong'amba m'kope.
"Awa amachotsa zonse, mayi."
Iye sanayang'ane mimba yanga.
Nanenso sindinaitchule.
Ndinkameza ndi chomwe chinali pafupi,
ndipo chapafupi mukuchidziwa.

Ganizani anabadwa wolemera mapaketi awiri a shuga.
Sikeloyo ndimaidziwa, manja anga sanama.
Bere ankaligwira n'kulitaya,
kulira usiku wonse ngati wina akumutsina.
Tinati mwina taphonya mwambo,
tinati mwina ndi mnzanga wogulitsa kuseri kwa chigayo.
Tinaloza zala mudzi wonse
botolo lili chilili pakati pathu.

Lero ali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
Sitandade 2 kachitatu.
Chomwe waphunzira Lolemba, Lachitatu chauluka.
Ndikamutuma mchere amabwera ndi chimwemwe chokha,
ndalama ili m'manja, atayiwala chomwe wapitira.
Anzake amamuseka dzina.
Dzinalo ndinamupatsa ndine.

Mayi Zgambo a kusikelo sanandikalipire.
Bola akanakalipa.
Anangotseka kabuku kanga, nati:
"Chimene chinachitika sindingachiloze ndi chala chimodzi.
Koma chomwe mwameza chimatsika ndi mchombo,
ndipo wam'katiyo alibe pakamwa pokanira.
Inu mumadzuka mutu ukuwawa, n'kupola.
Wake umakhala ukuumbidwa kumene."

Ndinabwerera wapansi, osakwera kabaza,
mawuwo akundilemera kuposa mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Tsopano chitenje chayambanso kufupika.
Mwezi wachinayi.
Mapiritsi anga ndi okhawo olembedwa m'kabuku,
oonjezera magazi aja onunkha dzimbiri,
ndi a malungo omwera pamaso pa namwino.
Dzino linandigonetsa khale sabata yatha;
ndinadutsa mnyamata uja ngati sindimudziwa,
kukakhala pamzere mpaka dzuwa pamutu
kuti ndifunse kaye.
Apongozi abweretsa mizu yofulumizitsa matenda, ati ndisunge.
Ndalandira ndi manja awiri, ndagwada, ndathokoza,
ndakaikwirira kunthochi.

Kutcheza sindinasiye, musandiyese woyera.
Yunifolomu siigulidwa ndi kulapa.
Amuna aja amaseka: "Wophika osalawa ndi mfiti!
Nasoko, yamba ndiwe, tione ngati mulibe tameki."
Ena asamukira kuseri kwa chigayo.
Apite.
Pakhosi pamandiyabwa ndithu, makamaka m'mawa
fungo likamakwera ndi nthunzi.
Ndimatafuna nzimbe mpaka nsagwada kulema.

Dontho loyamba likagwa
ndimalitapa m'kachivindikiro komwe kaja
n'kuliwaza pa chikuni.
Likayaka lawi lobiriwira, ndiye kuti wakupsa.
Moto ulawe, ulibe mwana m'mimba.

Ganizani amakonda lawilo.
Amaomba m'manja, amati ndichitenso,
kenaka amaika khutu pamimba panga
n'kufunsa, monga anafunsira dzulo ndi dzana,
kuti m'katimo muli ndani,
ndipo akudya chiyani.